Ng'ombe zili kwina, ntchito za zikopa zili kwina

Mu Africa muno palibe dziko loposa Ethiopia pa ng'ombe. Zilipo zoposa 60 miliyoni, osawerengera nkhosa ndi mbuzi. Vietnam ili ndi ng'ombe zochepa, moti zikopa zambiri zimene mafakitale ake amadula amachita kuitanitsa kunja. Chonsecho ku Vietnam anthu oposa miliyoni imodzi amadyetsa mabanja awo ndi ntchito yopanga nsapato ndi zikwama, pamene ku Ethiopia olembedwa m'mafakitale otere safika ngakhale 100,000. Ambirife timaganiza kuti dziko likakhala ndi ziweto ndiye kuti fakitale ya nsapato ili pakhomo kale. Zimene zachitika m'zaka 60 zapitazi zikutsutsa maganizo amenewa, ndipo aliyense wofuna kuti ntchito zotere zibwere kwawo ayenera kudziwa chimene chimazikoka ndi chimene chimazithamangitsa.

Chikopa chisanafike kuphazi kwa munthu chimadutsa m'manja osiyanasiyana. Woyamba ndi wosenda nyama, amene amachithira mchere kuti chisawole. Kenako chimapita kwa ofufuta. Kumeneko amachiviika m'laimu kuti ubweya uchoke, amapala mafuta ndi minofu yotsalira, n'kuchiponya m'migolo ikuluikulu yozungulira muli mankhwala a chrome. Chimatuluka chonyowa, chamtundu wabuluu wotuwa, ndipo amalonda padziko lonse amachitcha wet blue. Chikatero sichingawolenso, koma chimafunabe kuthiridwa utoto, kufewetsedwa ndi kusalazidwa. Kufufuta kumadya madzi, mankhwala, magetsi ndi ndalama zambiri, koma anthu kumafuna ochepa. Italy ndi dziko lotchuka kuposa onse pa zikopa zofufuta bwino, koma onse ogwira ntchito m'mafakitale ake ofufutira safika 20,000.

Ntchito zenizeni zili pa kudula ndi kusoka. Wodula amayala chikopa pathebulo, n'kumachikoka ndi zala kuti aone mbali imene chikutamukira. Maso ake amasakasaka timabowo ta nkhupakupa, zipsera za waya waminga, chidindo chimene mwini ng'ombe anaotcha ndi chitsulo, ndi pamene mpeni unalowerera posenda. Cha pamsana n'cholimba, ndiye amachisungira kutsogolo kwa nsapato kumene aliyense amaona. Cha pamimba n'cholobodoka, chimapita kobisika. Tizidutswa tikachoka apo timapita kwa wochepetsa m'mphepete kuti tipindike bwino, kwa wopaka guluu, kwa wopinda, kwa osoka angapo, kwa wokokera pachikombole, kwa womata soli, mpaka kwa wopukuta ndi woika m'bokosi. Palibe zikopa ziwiri zofanana, n'chifukwa chake makina amalephera kulanda ntchito yonseyi. Ndiye popeza manja ndi ambiri, malipiro a manjawo ndi amene amauza mwini fakitale kopita. Ndipo kusamuka sikuvuta: makina osokera amalowa m'kontena, osati ngati mgodi umene sungachoke pamene pali mwala wake.

Zaka 100 zapitazo, likulu la ntchitoyi linali ku America ndi ku Britain. Mzinda wa Lynn, m'chigawo cha Massachusetts, ndi kumene Jan Matzeliger, mnyamata wobadwira ku Suriname kwa mayi wakuda, anapangira makina okokera chikopa pachikombole, amene boma linawavomereza mu 1883. Makinawo anatsitsa mtengo wa nsapato, anthu wamba n'kuyamba kugula, mafakitale n'kukula. Kampani imodzi yokha, Endicott Johnson ya m'chigawo cha New York, inali ndi antchito pafupifupi 20,000 m'zaka za m'ma 1920. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, opanga nsapato ku America anali akadali oposa 200,000. Kuchokera pamenepo chiwerengero chinangotsetsereka. Mu 1990 onse ofufuta, osoka nsapato, zikwama ndi malamba pamodzi anali oposa 100,000. Pofika 2010 anatsala osakwana 30,000. Lero pa nsapato 100 zilizonse zogulitsidwa ku America, 98 kapena 99 zimachokera kunja.

Ku Britain zinayenda chimodzimodzi. Northampton unali mzinda wa nsapato, Walsall wa zishalo za akavalo. Kampani ya nsapato ya Clarks, imene inayamba mu 1825 m'tauni ya Street, inatseka mafakitale ake a m'dzikolo mmodzimmodzi mpaka cha pakati pa zaka za m'ma 2000 inasiyiratu kupangira kwawo. Dr. Martens mu 2003 inasamutsira pafupifupi ntchito yonse ku China ndi ku Thailand, anthu pafupifupi 1,000 n'kutsala manja m'khosi. Zimene zinapulumuka ku Northampton ndi timafakitale tochepa ta nsapato zodula za amuna, monga Crockett & Jones, Tricker's ndi Church's. Zindikirani kuti makampaniwo sanafe. Chinafa ndi ntchito ya wosoka. Wojambula masitayelo, wotsatsa malonda ndi wowerengera ndalama anatsala pampando.

Ulendo wopita ku Asia unayambira ku Japan, kumene amene anadzayambitsa Nike ankaodako nsapato m'zaka za m'ma 1960. Malipiro atakwera kumeneko, maoda anaolokera ku South Korea, makamaka mumzinda wa Busan, ndi ku Taiwan. Nakonso cha m'ma 1987 zinthu zinasintha: antchito a ku Korea anayamba kunyanyala ntchito ndi kupanga mabungwe, ndalama ya ku Taiwan inakwera mphamvu, ndipo eni mafakitale ananyamula makina kupita ku Guangdong ndi Fujian ku China, ena ku Indonesia. China italowa m'bungwe la zamalonda la WTO mu 2001, chitseko chinatseguka chonse. Dongguan inadzaza ndi mafakitale a nsapato, Wenzhou inatchuka ndi nsapato zachikopa, tauni ya Shiling pafupi ndi Guangzhou inasanduka ya zikwama zokhazokha. Mu 2019 dziko lonse linapanga mapeyala a nsapato oposa 24 biliyoni. Oposa theka anapangidwa ku China, ndipo pafupifupi 9 pa 10 alionse anachokera ku Asia.

Pali chinthu chimodzi apa chimene ambiri sachiona. Ntchito zinasamuka dziko ndi dziko, koma eni mafakitale sanasinthe. Pou Chen, kampani ya ku Taiwan imene inayamba mu 1969, ndi imene imasokera Nike, Adidas ndi ena ambiri, kaya fakitale ili ku China, ku Vietnam kapena ku Indonesia. Feng Tay nayonso ndi ya ku Taiwan, Changshin ndi ya ku Korea. Iwowa ndi amene amadziwa kokagula soli, ulusi ndi guluu, amene amadziwana ndi ogula a ku America, amene amasunga luso loyendetsera mzere wa anthu mazanamazana. Dziko lolandira fakitale limapereka malo ndi manja. Zina zonse zimatha kunyamuka tsiku lililonse.

Mu April 2014 antchito pafupifupi 40,000 a Yue Yuen, nthambi ya Pou Chen ku Dongguan, ananyanyala ntchito atazindikira kuti kampani sinkapereka mokwanira ndalama zawo za penshoni ndi za nyumba. Kunali kunyanyala kwakukulu kumene China inali isanaone kwa zaka zambiri. Apa n'kuti malipiro a ku Guangdong akukwera chaka ndi chaka, achinyamata akukana kukhala pamakina osokera, ndipo maoda ayamba kale kutsikira kummwera. Kuyambira cha m'ma 2010 Vietnam inapitirira China pa kusokera Nike, ndipo tsopano pafupifupi theka la nsapato za kampaniyo zimachokera kumeneko. Cambodia nayo inatolako zikwama ndi nsapato. Koma amene analandira ntchitozi analandiranso mantha ake. Mu 2023 ogula a ku America ndi ku Ulaya atachepetsa maoda chifukwa cha kukwera mitengo kwa zinthu kwawoko, fakitale ya PouYuen, nthambi ya Pou Chen ku Vietnam, imene inkalemba anthu ambiri kuposa ina iliyonse mu Ho Chi Minh City, inachotsa anthu pafupifupi 6,000 nthawi imodzi. Ambiri anali amayi, ena atagwira pamenepo zaka zambiri, pamsinkhu umene fakitale ina siifunanso kukulemba.

Ku Brazil ntchito zinasamuka m'dziko momwemo. Mafakitale a m'chigwa cha Sinos, kufupi ndi Novo Hamburgo, anathawira kumpoto chakummawa kumene malipiro ndi misonkho zinali zotsika. Kampani ya nsapato ya Grendene, yochokera kummwera kwa dzikolo, inakatsegula ku Sobral m'chigawo cha Ceará mu 1993. Akatswiri ena a ku Sinos anatsatira maoda mpaka ku Dongguan, kukaphunzitsa anthu omwe ankawalanda msika.

Maiko olemera anayesapo kuzibweza ntchitozi. Mu 2006 bungwe la European Union linaika msonkho wapadera wa 16.5 peresenti pa nsapato zachikopa zochokera ku China ndi 10 peresenti pa zochokera ku Vietnam. Msonkhowo unatha mu 2011 mafakitale otsekedwa asanatsegulidwenso. Ogula ena anangosamutsira maoda ku India, Indonesia ndi Cambodia. Adidas inayesa njira ya maroboti, n'kutsegula mafakitale awiri, ku Ansbach ku Germany ndi ku Atlanta ku America. Iliyonse inali ndi antchito osakwana 200. Mu November 2019 kampaniyo inalengeza kuti ikutseka onse awiri, makinawo apite kwa osokera ake ku Asia. Ngati maroboti anavutika ndi nsapato za nsalu ndi pulasitiki, nanga ndi chikopa chimene chidutswa chilichonse chili ndi khalidwe lake?

Komabe si ku Ulaya konse kumene ntchito za zikopa zikutha. Ku France zakhala zikuwonjezeka, ndipo chikuzikoka ndi zikwama zodula zedi. Hermès ili ndi malo osokera zikopa oposa 20, onse m'dziko la France, ndipo pafupifupi chaka chilichonse imatsegula ena: ku Louviers ndi ku Ardennes mu 2023, ku Riom mu 2024. Malo amodzi mwa atsopanowa salemba anthu oposa 300. Kumeneko chikwama chimodzi chimasokedwa ndi munthu mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amapana chikopa ndi chopanira chathabwa pakati pa mawondo, amaboola ndi chisongole, n'kulowetsa masingano awiri pa ulusi umodzi wopakidwa phula, ina uku ina uku, bowo lililonse. Ulusi ukaduka pena, msoko wonse sumasuka. Chikwama chimodzi chimatha maola oposa 15. Vuto la kampani zotere ndi kusowa kwa anthu aluso, moti mu 2021 Hermès inatsegula sukulu yakeyake yovomerezeka ndi boma. Ntchito zimenezi n'zabwino komanso zokhalitsa, koma n'zochepa. Malo onse a Hermès kuwaphatikiza sangafike pa antchito a fakitale imodzi yaikulu ya ku Vietnam. Ndipo France yomweyo inataya mafakitale ake a nsapato. Ku Romans-sur-Isère, kampani ya nsapato ya Charles Jourdan inagwa mu 2007.

Italy ndiye yofunika kuiyang'anitsitsa, chifukwa ndi kumene kukuoneka chimene chimachititsa ntchito kukhazikika. Kumeneko makampani ang'onoang'ono mazanamazana amaunjikana m'dera limodzi. Ofufuta ali ku Santa Croce sull'Arno, Arzignano ndi Solofra. Osoka zikwama ali ku Scandicci pafupi ndi Florence. A nsapato ali ku Marche ndi m'mbali mwa mtsinje wa Brenta. Wina amangopanga zidendene, wina zikombole, wina zipi ndi tizitsulo, wina amangokonza makina. Wojambula sitayelo akasintha maganizo m'mawa, madzulo chitsanzo chatsopano chili pathebulo. Zoterezi sizilowa m'kontena. N'chifukwa chake makampani a ku France enieniwo amasoketsa katundu wawo wambiri ku Italy.

Koma chikwama cholembedwa kuti chapangidwa ku Italy chimabisa zambiri. M'mafakitale ofufutira a ku Santa Croce, ntchito yonyowa ndi yonunkha amagwira kwambiri ndi anthu ochokera ku Senegal. Ku Arzignano ndi ochokera ku India, Bangladesh, Ghana ndi kwina. Zapamwamba za nsapato zambiri zimakasokedwa ku Romania, Albania kapena Tunisia, n'kubwerera kudzamatidwa soli. Ndipo mu 2024 khoti la ku Milan linaika pansi pa oyang'anira ake kampani ya Alviero Martini ndi nthambi zopanga katundu za Giorgio Armani ndi Dior, apolisi atapeza kuti ena mwa osokera awo ankapatsirana ntchito mpaka kufika m'timashedi momwe anthu obwera, ena opanda mapepala, ankagona pomwepo, kusoka usiku ndi usana, makina atachotsedwa zotetezera kuti azithamanga. Zikalata za kukhoti zinasonyeza chikwama china cha Dior chimene wosoka ankalipidwa mayuro 53, m'sitolo n'kumagulitsidwa mayuro 2,600. Khoti silinazenge makampani akuluwo mlandu wozunza anthu. Linawadzudzula chifukwa chosalondola kumene katundu wawo akusokedwera. Kwa ine kusalondolako si nkhani yaing'ono, chifukwa amene akulandira 2,600 ali ndi mphamvu zonse zofunsa kuti 53 ija ikugawidwa bwanji.

Portugal inatsala pang'ono kutaya zonse. Makampani akunja amene anabwera kudzafuna malipiro otsika anachoka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ntchito n'kutsika kwambiri. Otsalawo, makampani a mabanja a ku Felgueiras ndi São João da Madeira, anasiya kulimbana ndi China pa mtengo. Anayamba kulandira maoda ang'onoang'ono, kupereka msanga, ndi kukweza ubwino wa nsapato zachikopa. Cha m'ma 2018 antchito anali atakweranso kufika pafupifupi 40,000, ndipo nsapato zoposa 90 pa 100 zilizonse zimagulitsidwa kunja.

Mbali ya kufufuta ili ndi mavuto akeake, ndipo gwero lake ndi madzi. India, malinga ndi bungwe lake la ogulitsa zikopa kunja, ili ndi anthu oposa 4 miliyoni odalira ntchitoyi, ambiri a iwo Asilamu ndi a Dalit, anthu amene kwa zaka mazanamazana ankasalidwa chifukwa chogwira nyama zakufa. Dzikolo linachita chinthu chanzeru mu 1973 pamene linayamba kuchepetsa kutumiza kunja zikopa zosamaliza kufufuta, ndipo pang'onopang'ono matauni ngati Ambur, Ranipet, Agra ndi Kanpur anafika pa kusoka nsapato ndi zikwama. Koma mitsinje inalipira. Mu 1996 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mlandu wa anthu a ku Vellore, amene minda ndi zitsime zawo m'mbali mwa mtsinje wa Palar zinawonongeka, n'kulamula kuti woipitsa madzi alipire ndipo wopanda zoyeretsera atseke. Ku Kanpur, kumene mafakitale ofufutira pafupifupi 400 ali m'mbali mwa Ganges, boma linawatseka mu December 2018 kuti madzi ayere pa mwambo wa Ahindu wosamba mumtsinjewo wotchedwa Kumbh Mela, ndipo ambiri anakhala otseka miyezi yambiri mwambowo utatha. Aganyu olipidwa patsiku anabalalika, ogula akunja anapita kwina. Kuletsa kupha ng'ombe m'zigawo zina nakonso kwasokoneza kapezedwe ka zikopa. Onjezani amayi a ku Ambur amene amasokera kunyumba zapamwamba za nsapato, kulipidwa pa peyala, osalembedwa m'buku la fakitale iliyonse. N'chifukwa chake ziwerengero za maiko siziyenera kuyerekezedwa mwachisawawa: la France limawerenga aliyense wokhala ndi kontirakiti, la India likuphatikiza anthu amene boma lingangowayerekeza.

Ku Bangladesh mafakitale ofufutira a ku Hazaribagh, mkati mwa Dhaka, anathira zonyansa mumtsinje wa Buriganga kwa zaka zambirimbiri mpaka mu 2017 khoti linalamula kuti awadulire magetsi, gasi ndi madzi. Anasamukira ku Savar, kumene boma linalonjeza makina amodzi aakulu oyeretsera madzi a onse. Makinawo sanagwire ntchito mokwanira, ndipo mtsinje wa Dhaleshwari unayamba kuda nawonso. Zotsatira zake zinafika m'thumba. Makampani akuluakulu a ku Ulaya sagula chikopa ku fakitale yopanda satifiketi ya Leather Working Group, bungwe loyendera ofufuta kuona ngati akusamala chilengedwe, ndiye ofufuta a ku Savar amagulitsa motchipa kwa amalonda a ku China, pamene mafakitale a nsapato a mu Bangladesh momwemo amaitanitsa zikopa kunja kuti akwaniritse zofuna za ogula. Mu 2019, pa chikondwerero cha Eid chophera nyama, mtengo wa zikopa unagwa mpaka anthu ena anazikwirira pansi. Apa n'zoonekeratu kuti kusamala madzi si mdani wa ntchito. Masiku ano wosasamala madzi ndi amene akutaya msika.

Tibwere kuno kwathu. Ethiopia ndi imene inayesetsa kuposa onse. Mu 2008 inaika msonkho wa 150 peresenti pa zikopa zaziwisi ndi wet blue zotuluka m'dziko, ndipo patapita zaka zochepa inauikanso pa zikopa zouma zosamaliza. Nduna yaikulu Meles Zenawi anakakopa yekha kampani ya ku China ya Huajian, imene inatsegula fakitale ku Dukem mu January 2012, n'kuyamba kusokera masitolo a ku America nsapato za amayi. Antchito anafika masauzande angapo. Chinakoka Huajian sichinali zikopa kwenikweni. Chinali malipiro otsika kwambiri, m'dziko lopanda lamulo la malipiro ochepetsetsa kwa makampani omwe si aboma, ndi pangano la AGOA lolola katundu kulowa ku America popanda msonkho. Malipirowo anali otsika mpaka antchito ankangosiya, fakitale n'kumaphunzitsa atsopano nthawi zonse. Zikopa za m'dzikomo nazo zambiri zinkakanidwa chifukwa cha kusenda kosasamala ndi matenda a pakhungu la nkhosa amene kumeneko amawatcha ekek. Ndiye pa 1 January 2022 America inachotsa Ethiopia mu AGOA chifukwa cha nkhondo ya ku Tigray. Maoda anauma, anthu anabwerera kumudzi. Mu 2023 Pittards, kampani yakalekale ya ku Yeovil ku Britain imene inali ndi fakitale yofufutira ndi yosoka magolovesi ku Ethiopia, nayo inagwa. Zinapweteka, chifukwa chikopa cha nkhosa za kumapiri a ku Ethiopia n'chimodzi mwa zabwino koposa pa magolovesi.

Kenya mu 2012 inakweza msonkho wa zikopa zaziwisi zotuluka kufika 80 peresenti. Ofufuta anapezako mpumulo, koma ambiri anaima pa wet blue, zikopa zina n'kumadutsa m'malire mozemba. Msonkho wokha supanga fakitale ya nsapato ngati palibe opanga soli, ulusi, zikombole ndi guluu pafupi, ndipo ngati msika wapakhomo wadzaza ndi nsapato zakale zochokera ku Ulaya. Maiko a kummawa kwa Africa atagwirizana mu 2016 kuti aletse zovala ndi nsapato zakale, America inawaopseza ndi AGOA yomweyo. Ena anabwerera m'mbuyo, Rwanda inakana, ndipo mu 2018 inalangidwa. Ku Zimbabwe, Bata yakhala ku Gweru kuyambira 1939 ndipo yadutsa m'zaka zowawa. Ku nyanja ya Kariba kampani ya Padenga imaweta ng'ona n'kutumiza zikopa ku Ulaya zitangothiridwa mchere. Ntchito yodyetsa ng'ona ili ku Kariba, yosoka chikwama ili ku France.

Ku Malawi tili ndi ng'ombe pafupifupi 2 miliyoni ndi mbuzi zochuluka kuposa pamenepo kangapo. Koma pitani pamsika pamene apha mbuzi ya pachiwaya muone mmene chikopa chimachokera: mpeni wosongoka, changu cha kasitomala amene akudikira nyama, kenako chikopa chija pansi padzuwa, chopanda mchere, ntchentche zili ng'waa. Wosendayo sitingamunene, chifukwa palibe amene anamulipirapo zambiri chifukwa chosenda bwino. Nsapato zimene timavala zambiri ndi za kaunjika ndi zapulasitiki zochokera ku Asia, ndipo amisiri athu a nsapato ambiri ndi okonza, osati opanga. Alipo achinyamata m'matauni mwathu amene amasoka masandasi, malamba, zikwama ndi nsapato za sukulu zooneka bwino ndithu, koma dandaulo lawo ndi kusowa kwa chikopa chofufuta bwino ndi soli, zimene zimafuna ndalama zakunja. Ine sindikhulupirira kuti dziko lopanda doko, la magetsi ovuta, lingalande Vietnam maoda a Nike. Chimene chingatheke ndi msika wodziwika chaka ndi chaka: nsapato za ana asukulu, majombo a apolisi, asilikali ndi alonda, nsapato zotetezera za m'mafakitale ndi m'minda ya nzimbe. Ndi pa oda yokhazikika yotere pamene wosoka angalembe anthu 10 n'kukhala nawo chaka chathunthu, ndipo wofufuta angayerekeze kugula makina oyeretsera madzi.

Pamwamba pa zonsezi, chikopa chenichenicho chikuchepa mphamvu pamsika. Dziko lonse lakonda nsapato zamasewera za nsalu, labala ndi pulasitiki. Anthu akuvala zimenezi ngakhale ku ofesi ndi kutchalitchi. Opanga magalimoto ena akusiya mipando yachikopa. Koma ng'ombe zimaphedwera nyama, osati chikopa, ndiye zikopa zimabwerabe ngakhale wozifuna palibe. Mu 2019 ndi 2020 mitengo inagwa mpaka ku America zikopa mamiliyoni zinatayidwa kudzala kapena kuwotchedwa. Makampani a zikwama zodula nawo malonda anazirala mu 2024, ndipo ku Scandicci ndi ku Marche timakampani tambiri tinatumiza antchito kunyumba pa malipiro othandizidwa ndi boma, tina tinatsekeratu. Mu 2025 America inawonjezera misonkho yatsopano: 20 peresenti pa katundu wa ku Vietnam, ndipo kuyambira mu August 50 peresenti pa wa ku India, zimene zinagwedeza Ambur, Agra ndi Kanpur.

Eni mafakitale aja a ku Taiwan ayambanso kuyang'ana kwina. Ku Indonesia akuchoka kufupi ndi Jakarta kupita pakati pa chilumba cha Java kumene malipiro ndi otsika. Ku India asankha Tamil Nadu, chigawo chomwe chija cha ofufuta a ku Vellore, chifukwa kuli amayi odziwa kale makina osokera. Feng Tay ili kale ku Cheyyar, Hong Fu inayamba kumanga ku Ranipet, ndipo mu April 2023 Pou Chen inasainirana ndi boma la chigawocho kumanga fakitale yoti idzalembe anthu pafupifupi 20,000 m'zaka 12. Nsapato zimene mafakitale atsopanowa akupanga, zambiri si zachikopa.